Kwa achemwali a ku Kanengo amene mwakhala zaka 6 pa mpando umodzi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwagwira ntchito zaka 6 mu ofesi ya akaunti pa kampani ina ku Kanengo, simujomba, simuchedwa, koma anyamata awiri amene munawaphunzitsa nokha ntchito akwezedwa n'kukusiyani pomwepo. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungosiya, poti muno mu Lilongwe wopanda m'bale pamwamba sakwera. Ambiri akuuzani kuti siyani. Ine ndikuti musalembe kaye kalata yosiya ntchito, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ndikuona kuti simunachite, ndipo mukachoka musanachiphunzire mukakumana nacho komwe mukupitako.

Kukondera kulipo, sindingakunamizeni. Ndinagwirapo pamalo pena pamene mpando unapatsidwa kwa mphwake wa bwana ife tonse tikuona, ndipo zinandiwawa kwa nthawi yaitali. Koma nditayamba kukhala nawo pa tebulo losankha anthu oti akwezedwe, ndinaona china chimene chinandidabwitsa. Dzina la munthu wolimbikira ngati inu likatchulidwa, aliyense amagwedeza mutu kuti ee, ameneyo ndi munthu wabwino, savuta. Kenako wina amafunsa kuti, nanga wachita chiyani chaka chino? Chete. Palibe amene amakumbuka chinthu ngakhale chimodzi choti n'kuchiloza. Dzina lija limadutsa. Amene amakwera amakhala uja amene bwana wake angathe kunena kuti, uyu ndi amene anapeza kuti tinkalipira kawiri invoice imodzi.

Ife ambiri tinaleredwa kuti mwana wabwino sadzitama, amagwira ntchito mwakachetechete, akulu aona okha. Kumudzi zimatheka chifukwa munda wolimidwa bwino umaonekera kumsewu. Mu ofesi ntchito yoyenda bwino sioneka. Malipiro akatuluka pa nthawi yake, ma auditor akabwera n'kupita osapeza vuto, palibe amafunsa kuti anakonza ndani. Dzina lanu limamveka tsiku lokhalo limene chinachake chalakwika.

Ndiye gulani kope wamba la ana asukulu. Lachisanu lililonse musanaweruke, lembanimo zimene mwachita sabata imeneyo, ndi manambala ake. Musalembe kuti ndinagwira ntchito molimbika. Lembani kuti ndinatseka mabuku a mwezi pa 5 pomwe kale tinkatseka pa 12, ndinalondola ngongole za makasitomala atatu mpaka analipira, ndinaphunzitsa wantchito watsopano kulemba ma return a msonkho a ku MRA. Anyamata awiri aja munawaphunzitsa, kodi zinalembedwa penapake? Ndikukhulupirira kuti ayi. Pa mapepala a kampani, anaphunzira okha. Kope limeneli ndi limene mudzatsegule nthawi ya appraisal, pamene abwana amaunika kagwiridwe kanu ka ntchito, ndi limenenso mudzatengemo mawu a CV ndi a intavyu, chifukwa mutu sungasunge zinthu za miyezi 12.

Mukakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu m'kopemo, pemphani nthawi yoonana ndi abwana anu. Musawapeze ali pa khomo akuthamangira msonkhano, ndipo musapite kumapeto kwa mwezi pamene aliyense mutu uli pa malipiro. Mukakhala pansi, nkhani ya anyamata aja isatuluke pakamwa panu ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa mukangowatchula, abwana ayamba kuteteza chisankho chawo, ndipo nkhani yanu yathera pomwepo. Nenani zanu: bwana, ndakhala pano zaka 6, izi ndi zimene ndachita miyezi yapitayi, ndikufuna kudzakhala accountant pa kampani ino. Ndikusowa chiyani kuti mpando wotere ukatseguka mundiganizire? Kenako khalani chete, muwasiye ayankhe. Safunsa anadya phula, achemwali. N'kutheka kuti zaka zonsezi abwana anu amaganiza kuti ndinu wokhutira, poti simunanenepo kanthu.

Yankho lawo ndi limene lidzakuuzeni zoona za malo amenewo. Akatchula zinthu zogwirika, monga pepala la sukulu limene mulibe, kapena kuti simuyankhula pa misonkhano, kapena kuti Excel yanu ndi yoperewera, mwapeza njira. Mukabwerera pa desiki alembereni email yaifupi yothokoza, n'kubwereza zimene mwagwirizana, kuti pakatha miyezi 6 mudzakhale ndi pogwira. Koma akangoti limbikirani tiona, mwawafunsa kawiri katatu yankho n'lomwelo, pamenepo ndiye yambani kuyang'ana kwina mtima uli m'malo.

Za pepala ndinene mosabisa. Simunatiuze maphunziro anu, koma ngati anyamata aja ali ndi dipuloma ya ICAM (bungwe la ma accountant m'Malawi) kapena ayamba ACCA (maphunziro a akaunti odziwika m'maiko ambiri) inu mukadali ndi satifiketi yomwe munalowera nayo, ndiye kuti mbali ina ya yankho ndi imeneyo. Mabwana ambiri amaopa kukweza munthu wopanda pepala chifukwa nawonso amafunsidwa ndi a pamwamba pawo. Ku Malawi College of Accountancy kuno ku Lilongwe anthu ambiri apantchito amaphunzira akugwira ntchito. N'zowawa, makamaka kwa mayi amene akaweruka ayenera kulimbana ndi minibasi ya ku Area 25 kapena ku Area 49 kenako mphika ukumudikira kunyumba. Koma ngakhale mutamalemba phunziro limodzi pa nthawi, zaka ziwiri zidzatha ndithu, mwaphunzira kapena ayi. Musanalipire sukulu iliyonse ya digiri, onani kaye ngati ili pa mndandanda wa NCHE, bungwe la boma lovomereza sukulu za ukachenjede, chifukwa alipo anthu amene anataya ndalama zambiri pa pepala limene olemba ntchito salilandira. Funsaninso a HR, oona za antchito, ngati kampani ili ndi thumba la maphunziro a antchito. Ambiri sitifunsa, ndalamazo zimapita kwa okhawo amene anagogoda.

Chinanso: wina akapita ku tchuthi kapena akachoka, n'kukuuzani kuti gwirizirani mpando wake, vomerani, koma pemphani kalata. Ndaona amayi ambiri akusenza ntchito ya anthu awiri kwa chaka chathunthu pa mawu apakamwa, tsiku losankha munthu wokhazikika n'kuuzidwa kuti alibe luso la utsogoleri. Kalata yoti munagwirizira mpando ndi umboni umene palibe angaufafanize.

Pali nkhani ina imene anthu sakonda kuikamba koma imagwetsa ambiri mu akaunti: ngongole. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a ambiri amatha mwezi usanafike pa 20, ndipo wakatapila amadziwa geti ya kampani iliyonse ku Kanengo. Bwana amene waona anthu angongole akukudikirani pa geti, kapena amene mumamupempha advance mwezi uliwonse, sadzakupatsani makiyi a sefa ngakhale atakukondani. Ngati muli m'menemo, yambani kutulukamo, ngakhale pang'onopang'ono kudzera ku banki m'khonde kapena SACCO. Za miseche ya pa nkhomaliro sinditalikitsa. Chimene mwanena za abwana pa mbale ya nsima chimawafika dzuwa lisanalowe.

Ena adzakuuzani kuti zonsezi ndi kusyasyalika abwana. Kusyasyalika ndi kuwanyamulira chikwama ndi kuwauza za anzanu. Kuwaonetsa ntchito imene mwagwira ndi manja anu ndi chilungamo kwa inu mwini ndi kwa ana amene mukuwadyetsa. Ndiponso asakudziweni abwana anu okha. A ku stores, a ku sales, ma auditor amene amabwera chaka ndi chaka, onsewo aziona kuti mukalonjeza pepala Lachitatu limafika Lachitatu. Ntchito zambiri mu mzinda uno zimamveka pakamwa zisanatuluke mu nyuzipepala, ndipo amene amakutchulani ndi anthu ngati amenewo.

Mukadzaganiza zochoka, chokani muli ndi kalata ya ntchito yatsopano m'manja. Wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira severance allowance, ndalama zimene amapatsa munthu wochotsedwa ntchito popanda mlandu, ndipo kufunafuna ntchito uli pakhomo kumakuchititsa kuvomera malipiro alionse. Penshoni yanu, 5 peresenti imene amakudulani ndi 10 peresenti imene kampani imaikapo, ndi yanu ndithu ndipo imakutsatani, koma pitani mukaone statement ngati ndalamazo zikutumizidwadi. Perekani notisi monga mwa kontirakiti, siyani mabuku ali oyera, chifukwa kumene mukupitako adzaimba foni kumene mwachokera.

Mutiuze pepala limene muli nalo panopa, ndiponso ngati pa zaka 6 zimenezi munakhalapo pansi ndi abwana anu pa appraisal yolembedwa. Mukayankha zimenezo ndikuthandizani kukonza mawu oti mukanene tsiku lokaonana nawo.