Amuna anu akauzidwa kuti abwerere ku Dzaleka

Mayi a ku Chinamwali, mwati amuna anu ndi othawa kwawo ochokera ku Burundi, muli ndi ana awiri ndi golosale, ndipo apolisi awauza kuti abwerere ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka, ku Dowa. Mukufunsa ngati ukwati wanu ungawateteze.

Ukwati pawokha suwapatsa unzika kapena chilolezo chokhala kunja kwa kampu. Povomereza pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo, dziko lino lidakana ndime zina, kuphatikizapo za ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la othawa kwawo la 1989 likadagwirabe ntchito. Apa mpamene boma lidatsamira potola anthu m'matauni mu Meyi 2023. Ine ndondomekoyi imandiwawa mtima. Kampu ya ku Dowayo idatsegulidwa mu 1994 pomwe kale padali ndende, malo okwana anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000 olimbirana mijigo ndi zimbudzi.

Ana anu ndi Amalawi kudzera mwa inu, palibe angawakakamize kupita kukampu. Ngati alibe ziphaso zobadwira, yambani nazo zimenezo ku ofesi ya DC.

Pa golosale samalani kwambiri. Ngati layisensi ya khonsolo ndi malisiti oodera katundu zili m'dzina lanu, katunduyo ndi wanu. Jambulitsani mapepalawo, makope ena mukasungitse kwa achibale. Wina akafuna kunyamula matumba a shuga kapena ndalama za m'kabati, mufunseni chikalata chomuloleza, mulembe dzina lake, ndipo akusiyireni mndandanda wa zomwe watenga. Musapereke kangachepe, ndi mlandu kwa inunso.

Bambowo akamangidwa, ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko imati afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Kuwabweza ku Burundi komwe moyo wawo uli pachiswe nkoletsedwa.

Tengani setifiketi ya ukwati. Ngati udali wa chinkhoswe, kaulembetseni, ankhoswe akhale mboni. Kenako lemberani Komishonala woona za othawa kwawo ku unduna wa chitetezo cha m'dziko, kupempha kuti bambowo aloledwe kukhala ndi banja lawo. Akakana, apempheni akuyankheni polemba ndi zifukwa zake, chifukwa kalatayo ndiyo mukapite nayo ku khoti lalikulu la Zomba pasanathe miyezi 3 chigamulo chitaperekedwa, kuti liunikenso chigamulocho. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani sabata ino ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osowa ndalama.