Kapaipi kakang'ono pakati pa yaikulu, kodi kamadya presha yochuluka bwanji?

Bambo wina wa ku Domasi wandilembera imelo. Ali ndi thanki pa sitandi ya mamita 5, paipi ya 50mm imatsikira kudimba kukathirira tomato, ndiye pena pake inasweka, pulambala nkulumikiza ndi chidutswa cha 25mm. Funso lawo ndi loti kodi ndi chidutswachi chikumaliza presha?

Achikulire, yambani ndi ndowa. Tcherani ya malita 20 kumapeto kwa paipi, muziona nthawi pafoni. Ikadzaza m'masekondi 20 ndiye kuti mukulandira lita imodzi pa sekondi, tiwerengere pamenepo.

Paipi ikachepa ndi theka, malo odutsa madzi amachepa kanayi osati kawiri, ndiye madzi amathamanga kanayinso. Mu 50mm akuyenda theka la mita pa sekondi, mu 25mm afika mamita 2. Presha yotayika pa reducer, cholumikizira paipi yaikulu ndi yaing'ono, timaiyeza ngati kutalika kwa madzi, masamu ake ndi K × v × v ÷ 19.6, v kukhala liwiro la m'paipi yaing'onoyo, K kukhala nambala yosonyeza momwe cholumikiziracho chimatchingira madzi. Polowa K amakhala cha m'ma 0.4, potuluka kubwerera ku yaikulu 0.56, chifukwa potulukapo madzi amavunduka kwambiri. Mukaphatikiza zonse mwataya masentimita 20 basi pa mamita 5 anu aja. Zochepa zedi.

Koma nkhani ili pa kutalika kwa chidutswacho, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa nazo. Madzi akamakhuzana ndi khoma la paipi ya 25mm pa liwiro limeneli, mita iliyonse imadya pafupifupi masentimita 20, pomwe mu 50mm sizifika ngakhale sentimita imodzi. Ndiye ngati pulambala wanu anaika theka la mita, msiyeni munthuyo alibe mlandu, koma ngati anayala mamita 20 poti ndi yomwe inali yotchipa ku hardware mtauni muno, mamita 4 apita, ndipo lita ija pa sekondi simuionanso, madzi azingotuluka mwaulesi. Komanso dziwani kuti 25mm yolembedwa pa PVC ndi muyeso wa kunja, mkatimo ndi mochepera, ndiye zimaipa kuposa masamu angawa.

Pitani mukayeze chidutswacho ndi tepi. Chikakhala chachifupi, tsegulani fyuluta ndi valavu muone ngati simunadzaze matope kapena ndere za m'thanki.