Pepala la khoti silinawapatse amalume thupi la mng'ono wanu

Achemwali, mwafunsa ngati amalume angakamutseketse mng'ono wanu wa ulumali wa mu ubongo uja kuti asabereke, osamufunsa, poti khoti linawapatsa udindo womusunga. Ayi ndithu, kusunga munthu ndi nkhani ina, thupi lidakali lake. Malawi inavomereza pangano la UN la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndime 12 imati azithandizidwa kupanga chiganizo chawo osati kungowapangira, ndime 23 ndiye imaneneratu kuti asalandidwe kubereka. Adokotala amufotokozere m'mawu osavuta, olo kangapo, ayankhe yekha. Amalume akakakamira pitani ku Legal Aid Bureau konkuno ku Blantyre kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, pepala la khotilo mulitenge loya akaone kuti linawapatsa mphamvu zanji kwenikweni.