Msuweni wafunsa za bungwe lija

Eee, msuweni. Meseji yako ndaiona. Ndinaiona dzulo lomwe, ndisaname, koma ndinali m'kombi ndikuchokera m'tauni, ndiye ndinati ayi, ichi si choyankha ndi zala. Dikira ndiiwerengenso kuti ena a m'gulu muno amve. Akuti, "Asuweni, bungwe lanu la aphunzitsi a Chingerezi cha bizinesi lija amalipira zingati, ndipo munthu amalowa bwanji?" Basi. Ndi kankhope kamanyazi kumapeto.

Amalipira zingati! Iwe mwamunanga iwe. Ine ndinakubereka kumbuyo ku Mbare, muno m'Harare, ukulilira mabanzi, ndiye ukamafunsa chinthu mozungulira ndimamva mapazi ako usanafike pakhomo. Si za malipiro ukufunsa iwe. Koma chabwino, ndiyambe ndi zomwe walembazo.

Salipira. Olo senti. Ndipotu amene amalipira ndine, chaka chilichonse, m'mapaundi. Azakhali musamve zimenezi, mungakomoke. Bungwe lalikulu dzina lake ndi IATEFL, la aphunzitsi a Chingerezi a m'maiko osiyanasiyana, linayambira ku Britain mu 1967. M'kati mwake muli timagulu, ena a ana aang'ono, ena a mayeso, ena a katchulidwe ka mawu, ndiye kathu ndi BESIG, ka ife ophunzitsa anthu a pa ntchito. Umalipira umembala pa intaneti, umasankha kagulu kako, watha, walowa. Palibe wokufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. A m'komiti ya kaguluko onse ndi ongodzipereka, aliyense ali ndi ntchito yake yomwe amadyera. Ine sindili m'komiti ayi, usandikweze. Ndimangothandiza pa ma webinar, misonkhano ya pa intaneti ija. Kulowetsa anthu pa Zoom, kutseka maikolofoni ya munthu amene galu wake akuuwa, kutola mafunso mu chat n'kumupatsa wolankhula, kenako kulemba mwachidule zomwe zakambidwa. Mwezi umodzi mwina maola anayi, asanu... ayi, ndikunama, ukayandikira msonkhano waukulu wa mu November zimapitirira pamenepo.

Ndinayamba mu 2020, nthawi ya korona ija zonse zitasamukira pa kompyuta. Tsiku langa loyamba penipeni, anthu adzaza, wolankhula wangoti moni, magetsi phethi. Nthawi imeneyo ndinalibe sola. Ndinathamangira kwa aneba ndi laputopu m'manja, chitenje chikumasuka, ndinamaliza msonkhano wonse nditakhala pa ndowa m'khitchini mwa eni ake, mayi a nyumbayo akukazinga matemba. Azungu aja ankangoona nkhope. Fungo silidutsa pa Zoom, Mulungu ngwabwino.

Koma ukudziwa amene ndinamukumbukira ndili pa ndowapo? Amalume. Iwe umati bambo aakulu. A ku Mufakose.

Iwe unawapeza atakalamba, ukungodziwa za ndodo ija ndi wailesi. Ife tinawaona ali ndi mphamvu. Munthu uja anali mlembi wa sosaite ya maliro ya anthu a kumudzi kwa zaka... ndinali ndisanayambe sukulu pomwe ankayamba, anasiya ine ndili ndi ana awiri. Werengera wekha. Osalandira kanthu. Lamulungu loyamba la mwezi, akachoka ku tchalitchi, osavula tayi, buku lakuda lija m'khwapa, lachikuto cholimba lofiira kumsana, bolopeni ziwiri m'thumba la jekete, yabuluu yolembera amene wapereka, yofiira ya amene ali ndi ngongole. Ife ana tinkaiopa bolopeni yofiirayo kuposa lamba. Ankakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya msungichuma, amuna pa mabenchi, amayi pa mphasa.

Ndipo inu ana a masiku ano simudziwa chifukwa chake masosaite amenewa analipo. Agogo anabwera pa Ulere, galimoto zaulere zija zinkatuta anthu kubwera nawo kuno kudzagwira ntchito, Harare ikadali Salisbury. Munthu wafika alibe mbale, alibe munda, alibe manda a kwawo. Ukafa akuika ndani? Eni dziko ali ndi kumudzi kwawo, amanyamula maliro awo kupita nawo kwawo. Ife kwathu ku Malawi kunali kutali, kudutsa Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, ndani akanakwanitsa? Ndiye anthu anati tizisonkha pang'onopang'ono, wina akagwa tigule bokosi, tipeze galimoto, tiphike nsima, tiimbe nyimbo za kwathu usiku wonse. Mlembi ndiye anali mutu wa zonsezo. Maliro akachitika pakati pa usiku, khomo loyamba kugogodedwa linali la amalume.

Akazi awo, mzimu wawo uuse mumtendere, ankadana nalo bukulo ngati mkazi mnzawo. Ankati, "Inu bambo, ana a eni mukuwagulira mabokosi, anu alibe nsapato." Tsiku lina analibisa m'thumba la ufa. Amalume anafunafuna nyumba yonse, osalankhula, thukuta kamukamu, mpaka anafika ku msonkhano mochedwa. Ndiye mvera izi. Lamulo la sosaite linali lakuti wochedwa alipire chindapusa. Amalume atalipeza buku, loyera ndi ufa, anafika, anakhala pansi, anatulutsa bolopeni yofiira, n'kulemba dzina lawo lomwe. Kudzilipiritsa okha! Wapampando akuti zisiyeni aPhiri, iwo ayi. Mayi anga ankaseka nkhani imeneyi mpaka misozi, ngakhale nthawi ija sankalankhulana chifukwa cha za puloti zija. Tisazidzutse.

Ndiye 2008. Iwe unali kusekondale, ukukumbukira tikunyamula ndalama m'zikwama kukagula buledi mmodzi, mpaka kunabwera pepala lija la 100 trillion kumayambiriro kwa 2009. Ndalama zonse za sosaite, zomwe anthu anasonkha zaka ndi zaka, zinasanduka mpweya zili m'banki. Sizikanagula olo msomali wa bokosi. Masosaite ambiri anathera pomwepo, anthu akutukwanizana. Amalume anangotembenuza tsamba, n'kujambula mizere yatsopano ndi rula. Mzere wa matabwa, mzere wa ufa, mzere wa nkhuni, mzere wa amene angakumbe. Anati ndalama yafa koma ife sitinafe, aliyense abweretse chomwe ali nacho. Kalipentala mmodzi wa ku Kambuzuma ankakhoma mabokosi, malipiro ake ndowa ya chimanga. Chaka cha kolera chimenecho, anthu ankagwa ngati nkhuku za chitopa, koma wa m'sosaite ija palibe amene anapita atakulungidwa m'bulangete.

Dikira... Iwe! Tsitsa gasiyo, ndiwo zipserera! Pepani, ndi mdzukulu wanu uyu, akuphika maso ali pa foni.

Ndinali pati? Eya. Ayi, ndalumpha, chomwe ndimafuna kunena chinachitika kale, 1992. Chaka cha chilala, cha chimanga chachikasu chija, ESAP, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma ija, itangoyamba kuluma. Fakitale ya ku Southerton komwe amalume ankagwira inachotsa anthu, iwo ali momwemo. Munthu wa zaka makumi anayi ndi kanthu, sukulu analekeza Standard 6, chitupa cholembedwa kuti mlendo. Anakhala miyezi pakhomo. Ndiye m'sosaite muja munali mdala wina, dalaivala wa bwana wa kampani ya zitsulo. Bwanayo anadandaula m'galimoto kuti katundu akusowa m'sitolo, akufuna kalaliki wosaba. Mdala uja sananene zambiri. Anabwereka buku la sosaite, n'kukamuonetsa bwanayo. Anati onani, munthu uyu wasunga ndalama za anthu osauka zaka zonsezi popanda womulipira, onani pomwe anadzilipiritsa yekha. Lolemba lotsatira amalume anali pa ntchito. Anagwira pamenepo mpaka penshoni. Nyumba ija mumakanganirana ija inamalizidwa ndi ndalama za ntchito imeneyo.

Tsopano ndibwere kwa iwe, chifukwa ndikuona mphindi zikuthamanga ndipo achimwene a ku Joni adandaula za bandulo.

Iwe unaona chithunzi chija ndinaika, ndili pa sikirini ndi anthu a ku Germany, a ku Poland, a ku Argentina, ndiye mumtima unati asuweni apeza khomo. Watopa ndi choko. Watopa ndi kalasi ya ana makumi asanu, malipiro akutha lisanafike tsiku la khumi. Anzako a ku koleji theka ali ku UK akusambitsa nkhalamba, akutumiza zithunzi atavala majekete a chisanu. Funso lako ndi lakuti, kodi ndikalowa bungwe limeneli ndituluka m'dziko muno? Ndiye ukufuna ndikuuze kuti eya kuti January ukasiye ntchito. Ndanama? Mlamu anandiuza kale za kalata yosiyira ntchito ija uli nayo mu foni, usamukalipire.

Usasiye ntchito ya kusukulu. Bungweli si khomo la ndege. Silipereka ntchito, silipereka visa. Misonkhano yake ilikodi kunja, waukulu wa IATEFL unali ku Brighton mu 2024, ku Edinburgh mu 2025, wathu wa BESIG umazungulira mizinda ya ku Ulaya, ndipo pali ma scholarship oti munthu amapikisana kuti akafikeko. Koma ukapita ndi sabata imodzi, n'kubwerera pa Robert Mugabe Airport pompa ndi kachikwama ka mabuku. Chomwe limakupatsa ndi anthu oona mmene umagwirira ntchito. Ndi buku la amalume lija basi.

Ine ophunzira anga oyamba a kunja sindinawapeze pa malonda ayi. Mayi wina wa ku Germany amene tinkathandizana naye pa ma webinar anadzaziridwa ntchito, anali ndi mainjiniya atatu ofuna kuphunzira kuyendetsa misonkhano m'Chingerezi. Anandipatsa ine. Sanafunse satifiketi. Anati kwa chaka chathunthu sunachedwepo, ndipo tsiku lija magetsi atazima unabwereranso pasanathe mphindi khumi. Za ndowa sankadziwa. Ndipo nthawi yathu kuno ikutikomera, ndi Germany timafanana wotchi m'miyezi yawo yotentha, m'miyezi yozizira timasiyana ola limodzi lokha. Ukhoza kuweruka kusukulu, kudya, n'kuphunzitsa munthu wa ku Stuttgart madzulo.

Ndipo usaganize kuti poti uli ndi digiri ya Chingerezi ndiye wadziwa kale. Ine ndinkaganiza choncho. Munthu wa bizinesi safuna ndakatulo, safuna kumva za ma tense khumi ndi awiri. Ali ndi msonkhano Lachinayi, akufuna kukana mtengo popanda kukhumudwitsa kasitomala. Umayamba ndi needs analysis, kumufunsa kuti Chingerezi umachigwiritsa ntchito pati, ndi ndani, chimakuvuta n'chiyani, ndiye phunziro umalimanga pa maimelo ake omwe. Zimenezi ndinaziphunzira ndikutsegulira anthu maikolofoni, ulere, kumvetsera akatswiri akukambirana. Za kalankhulidwe kathu usade nazo nkhawa. Ambiri mwa anthu amenewa Chingerezi amalankhula ndi Mtchaina, Mturuki, Mbrazil, osati ndi mfumu ya ku England. Amafuna womveka, woleza mtima. Ngakhale muno m'Harare alipo, a ku Mozambique obwera kudzagula katundu, a ku Congo, Matchaina a m'migodi. Anthu amaseka kuti m'Zimbabwe ndani angalipire kuphunzira Chingerezi. Alipo, koma sakupeza ngati palibe wokutchula dzina.

Ndiye ndabwereza, mwamunanga, kalata ijayo ifufute. Khala pa ntchito yako, lowa bungwe, pempha kantchito kakang'ono kosalipidwa, ukagwire bwino chaka chimodzi anthu akuone. Ma webinar ena ndi aulere ngakhale kwa amene si membala, yamba ndi amenewo usanataye mapaundi ako. Likubwerali Loweruka ulipo wina, ubwere kuno kunyumba ukhale pambali panga uone mmene zimayendera, sola ilipo tsopano. Ukaona kuti zakukomera, za umembala wa chaka choyamba tikambirana awiri, osati muno m'gulu momwe muli makutu ambiri. Azakhali ndakuonani, mwayamba kale kulemba.

Zoti mwina tsiku lina udzapita kunja, sindikukaniza, mwina udzapitadi. Koma osati January uno, ndiponso osati chifukwa cha chithunzi changa. Choko usachitaye. Gwira kaye buku.

Ubwere cha m'ma 2 koloko, umayamba 3. Ndipo pobwera unditengere poto wanga wamkulu uja, ali kwanu kuyambira pa chiliza cha amalume. Mlamu akudziwa amene ndikunena, wopanda chogwirira chimodzi.