Musathamangire mafani atatu, achimwene

Mwafunsa zinthu ziwiri, achimwene: momwe geni ya zida za kompyuta imayendera pa boda yathu ya Mchinji, ndiponso ngati n'kwanzeru kuika mpamba wanu pa makhadi a graphics (zida zothandiza kompyuta kuonetsa zithunzi ndi mavidiyo) a mafani atatu, poti ndi amene amaoneka amphamvu. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa m'pamene ambiri amagonekera ndalama pashelefu.

Chip cha m'kati mwa khadi amapanga ndi Nvidia kapena AMD. Makampani ngati Asus, MSI, Gigabyte, Zotac ndi Palit amatenga chip chomwecho n'kuchiveka malaya awoawo. RTX 3060 ya Gigabyte Eagle ili ndi mafani awiri, ya Gaming OC ili ndi atatu, koma ntchito imene zimagwira n'chimodzimodzi, kusiyana kwake simungakuone ndi maso. Ndalama yowonjezerayo mukulipirira kuzizira ndi kuchepa kwa phokoso basi. Khadi lodya mawati 170 ngati limeneli mafani awiri amalikwana bwinobwino, bola chitsulo choziziritsira chikhale cholemera. Ine ndikafika m'shopu ndimalinyamula kaye m'manja. Lopepuka ngati chitini cha sopo ndimalisiya, ngakhale litakhala ndi magetsi ophethira bwanji.

Makasitomala athu kuno ndi ojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, okonza zikwangwani ndi makadi oitanira anthu, ndi anyamata a timanyumba tamasewera a mpira wa pakompyuta. Ambiri mwa iwo makompyuta awo ndi a Dell ndi HP otsika ku maofesi. Bokosi lake ndi lopanikiza, pomwe makhadi akuluakulu a mafani atatu amafika masentimita 30 kapena kupitirira. Ndinapsa nazo ine. Ndinabwera nalo limodzi lokongola kwambiri, kasitomala anali atapereka kale theka, tikuti tilowetse, linakakamira pa chitsulo chogwirira hard drive. Power supply yakenso, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, inalibe waya wa mapini 8. Ndinamubwezera ndalama zake, khadilo linakhala m'kabati miyezi inayi. Makina ngati amenewa amafuna kakhadi kakafupi monga GTX 1650 yosafuna waya wapadera, yomwe imakhutira ndi mawati 75 ochokera pa motherboard.

Palinso mtundu wa fani imodzi yotsekeredwa m'chikuto, timauti blower. Umatulutsira mpweya wotentha kunja kumbuyo kwa bokosi, ndiye m'bokosi lopanikiza umathandiza, pomwe a mafani awiri kapena atatu amamwaza kutenthako m'kati momwemo. Koma ukatentha umalira ngati chigayo, wa studio yojambula mawu angakutukwaneni. Oziziritsa ndi madzi musawakhudze. Pampu ikafa kuno palibe wokonza, ndipo mapaipi ake sakondwera ndi ulendo wa basi wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka, komwe timakaoda, kufika ku Chipata.

Mdani weniweni ndi fumbi la mu September ndi October. Limamatirira m'mipata ya chitsulo mpaka kukhala ngati bulangete, khadi likafika madigiri a m'ma 80 limayamba kudzichepetsa liwiro lokha, mwini wake n'kumati munamugulitsa feki. Fani imodzi kapena atatu, osapukuta lipsa ndithu.

Tsiku lina bambo wina wojambula maukwati anabwera ndi khadi m'jumbo, nkhope ili gwa, akuti mafani ndi akufa. Ndinalilumikiza patebulo pomwepo, ndinatsegula FurMark, pulogalamu yoyesera khadi poligwiritsa ntchito yolemetsa, ndinawauza kuti ayang'ane nambala ya kutentha pa sikirini. Itangodutsa m'ma 50, mafani anadzuka onse awiri. Makhadi ambiri amasiku ano amaimitsa mafani akakhala kuti sakugwira ntchito yolemetsa. Bambowo anaseka mpaka kundigulira fanta. Chiyambire pamenepo ndimafotokozeratu ndisanalandire ndalama.

Makhadi ogwiritsidwa kale ntchito anachuluka kuchokera mu September 2022, pamene okumba ndalama ya Ethereum anasiya kugwiritsa ntchito makhadi. RX 580 ndiye anali mbwee. Ena ndi abwino, koma anagwira usana ndi usiku kwa zaka. Zungulizani fani iliyonse ndi chala, ikamagwedera kapena kukhulana dziwani kuti yatha. Onani ngati zomangira zake zinamasulidwapo, liyeseni mphindi 15 musanalipire, ndipo pulogalamu yowerenga za m'khadi ya GPU-Z ikuuzeni ngati dzina la pa bokosi ndi la chip chimene chili m'katimo. Kunena zoona, ndalama yosaduka ine ndimaipeza pa mafani osinthira ndi thermal paste, phala lopaka pa chip kuti kutentha kuzituluka bwino. N'zopepuka, zimakwana m'thumba la jekete, ndipo khadi lililonse limene ndinagulitsa limadzandibwererabe kudzasinthitsa.

Za pa boda ndi zachidule. Kuyambira mu December 2022 boda ya Mchinji ndi ya Mwami ya mbali ya Zambia ndi malo amodzi oimapo, zomwe zinachepetsa kuyendayenda. Koma musanamizidwe ndi ndondomeko ya bungwe la zamalonda la COMESA yopeputsira msonkho amalonda ang'onoang'ono ija. Imakhudza katundu wopangidwa kapena kulimidwa m'maiko a bungweli amene ali pa mndandanda wake, pomwe makhadiwa amachokera ku China ndi Taiwan. Muwaonetse kwa a MRA, mukhale ndi lisiti lolembedwa nambala ya khadi lililonse, mulipire zimene zikufunika. Njira zam'tchire zija n'zotayitsa mpamba wonse tsiku limodzi. Khadilo likhale m'kathumba kake konyezimira kaja, m'chikwama cha pamiyendo panu, osati pansi pa basi pamodzi ndi mabelo.

Dziwaninso kuti wa ku Lusaka naye anachita kuitanitsa kunja n'kulipira msonkho wa kwawo, ndiye phindu la geni imeneyi ndi lochepa, ndipo kwacha yathu itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anthu anayamba kufunsa mtengo asanafunse dzina la khadi. Likafa, kulibweza ku Lusaka thiransipoti yake ikhoza kudya phindu la makhadi awiri. N'chifukwa chake sindigula zongosunga. Munthu aitanitse, apereke theka, anditumizire pa WhatsApp zithunzi ziwiri: m'kati mwa bokosi lake atagonekamo rula, ndi kapepala komatidwa pa power supply. Zithunzizo zisanafike, ine basi sindikwera.