Mafunso a Owerenga: Matayala a M'matope

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Chigumula mumzinda wa Blantyre, koma ndili ndi munda cha ku Bvumbwe kumene ndimalima ndiwo zamasamba ndi chimanga cha m'dimba. Ndinagula kwa mnzanga njinga yamoto ya matayala anayi, ija amaitcha ATV, kuti ndizikokera kangolo ka manyowa kuchokera kumsewu kutsikira kudambo. M'chilimwe imagwira bwino ntchito, koma mvula ikangoyamba matayala amadzaza dothi n'kumangozungulira pamodzimodzi. Pa matayala akutsogolo palembedwa 25x8-12, pa akumbuyo 25x10-12. Wogulitsa wina wandilangiza kuti ndigule matayala a mainchesi 28 okhala ndi mano ataliatali. Kodi ndimumvere?
*Mlimi wa ku Chigumula*

YANKHO: Bambo, musamumvere pa nkhani ya mainchesi 28, ngakhale kuti walondola ponena kuti mukufunika matayala a m'matope. Manambala amene mwatilembera akutanthauza kuti tayala lililonse ndi lalitali mainchesi 25 likapopedwa, m'lifupi mwake ndi mainchesi 8 kutsogolo ndi 10 kumbuyo, ndipo limalowa pa limu ya mainchesi 12. Amene anapanga njingayo anayeza mphamvu ya injini, magiya ndi mabuleki molingana ndi msinkhu umenewu.

Chimene chimachititsa tayala kuyenda m'matope si kutalika kwa mano kokha, koma makamaka mipata ya pakati pa manowo. Dothi lofiira la ku Bvumbwe ndi ku Thyolo, katondo uja, likanyowa limamatirira patayala monga momwe limamatirira kukhasu, ndipo mano akakhala oyandikana dothilo limatseka mipata yonse mpaka tayala limasanduka chinthu chosalala chopanda pogwirira. Ichi ndicho chikukuchitikirani. Tayala la m'matope lili ndi mano otalikirana, opendekeka, kotero kuti likamazungulira dothi limathothoka n'kuponyedwa kumbali, ndipo dzino lililonse limafika pansi lili loyera, lokonzeka kulumanso.

Musanapereke ndalama, pitani kumundako mvula itagwa mukaone kuti matope anu ndi otani, chifukwa matope sali amtundu umodzi. Panjira yotsetsereka ya katondo nthawi zambiri pamakhala matope ochepa oterera pamwamba, pansi pake pali nthaka yolimba. Pamenepo pamafunika tayala losatambalala kwambiri, lokhoza kuboola matopewo n'kukagwira polimba. Kudambo kwenikweni, kapena pa makande akuda ngati a ku chigwa cha Shire ndi ku Phalombe, polimba pali patali, ndipo tayala la mano ataliatali limangokumba dzenje mpaka njinga yonse kukhala pamimba, matayala ali lende. Malo otere amafuna tayala lotambalala, lopopedwa pang'ono, loti liyandame pamwamba. Popeza njira yanu imayambira kumtunda n'kuthera kudimba, msinkhu umene muli nawowu, wopapatiza kutsogolo ndi wotambalala kumbuyo, ndi wokuyenerani kale. Chofunika kusintha ndi mano okha.

Tayala la mainchesi 28 limaposa lanu ndi mainchesi atatu, ndipo kusiyana kumeneku si kochepa kwa injini yaing'ono. Tayala likakula, injini imavutika kulizunguza ngati kuti mukunyamuka pa giya yapamwamba, ndipo inu amene mumakoka ngolo yodzaza manyowa pachitunda ndiye mudzazimva msanga. Matayala a mano ataliatali ndi olemeranso kwambiri. Ngati njinga yanu ndi ya lamba, imene sisinthidwa magiya ndi phazi, lambayo amayamba kuterereka ndi kutentha, ndipo mudzamva kafungo ka labala wopserera. Zitsulo zozunguza matayala zimathyoka pamene tayala lolemera, limene linali kuzungulira mwaliwiro m'matope, lagwira mwala kapena muzu mwadzidzidzi. Pokhota tayala lalikulu likhoza kukhula thupi la njinga, komanso njingayo ikakwera m'mwamba sichedwa kugubuduka pamalo opendekeka, zimene zavulaza anthu ambiri okwera njinga zamtunduwu. Matayala onga High Lifter Outlaw, amene mano ake amapitirira inchi imodzi, anapangidwira anthu ochita masewera olowa m'zithaphwi ku America, okhala ndi injini zazikulu ndi ndalama zogulira zitsulo zina zikathyoka. M'dimba mwanu angakusiyireni ngalande zimene madzi adzatsata n'kukokolola nthaka.

Ife tingakulangizeni kuti mukhale pa mainchesi 25, kapena 26 ngati mpata ulipo, ndipo musankhe tayala la mano apakatikati, akuya masentimita awiri kapena kupitirirapo pang'ono. ITP Mud Lite, Kenda Bear Claw ndi Maxxis Zilla ali m'gulu limeneli, ndipo amayendanso bwino panjira youma mvula ikatha mu April. Funsani tayala lolembedwa 6-ply, chizindikiro chakuti ndi lolimba, chifukwa zitsa za chimanga ndi za nandolo zotsala m'munda zimaboola labala wopyapyala. Ngati njinga yanu imakoka ndi matayala onse anayi, gulani onse anayi a msinkhu umodzi nthawi imodzi, pakuti akutsogolo akasiyana kutalika ndi akumbuyo magiya amalimbana okhaokha. Matayala oterewa kawirikawiri amachita kuyitanitsa kunja, choncho yambani kufunsa mu September, musadikire mvula ya November.

Pali zinthu ziwiri zimene amakaniko ozolowera galimoto amalakwitsa, ndipo muziyang'anire nokha. Matayala ambiri a m'matope ali ndi kamuvi pambali kosonyeza kumene ayenera kuzungulira. Akaikidwa chozondoka amakokera matope pakati m'malo mowataya, ndipo inu mudzaganiza kuti munagula zabodza. Chachiwiri ndi mpweya. Tayala la galimoto limapopedwa pafupifupi 30 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kapena kuposa, pamene la ATV limafuna pafupifupi 5 psi basi, malinga ndi zimene zalembedwa pa njingayo. Geji ya pamalo omwetsera mafuta siwerenga bwino mpweya wochepa chonchi, kotero gulani kageji kanukanu ka manambala ang'onoang'ono. Tayala lopopedwa mopitirira limagwira pansi ndi pakati pokha, limadumphadumpha, ndipo mano amene mwalipirira sagwira ntchito. Mpweya ukasiyana kumanja ndi kumanzere, njinga imakokera mbali imodzi.

Pomaliza pa funso lanu, musayende nayo njingayi kuchokera ku Chigumula kupita ku Bvumbwe pamsewu wa phula. Matayala ambiri a ATV amalembedwa NHS, kutanthauza kuti si a pamsewu waukulu. Phula limadya manowo msanga, ndipo njinga yamtunduwu sikhota bwino pamalo olimba. Isiyeni kumunda.

FUNSO: Ndili ndi Toyota Hilux yokoka ndi matayala onse anayi. Masiku ambiri ndimayendera mutauni muno, koma mwezi uliwonse ndimapita kumudzi ku Neno kukaona amayi. Ana anga akuti ndigule matayala olembedwa MT. Kodi ndi oyenera?
*Mayi wa ku Chirimba*

YANKHO: Mayi, kwa inu tingasankhe olembedwa AT, amene anapangidwira phula ndi fumbi lomwe. Zoona, MT ndiye katswiri wa m'matope, ndipo aliyense amene anayendapo m'misewu ya kumapiri a Neno mu February akumvetsa chifukwa chimene ana anu akunenera zimenezi. Koma taganizirani kumene galimotoyo imathera masiku ake. Kuchokera ku Chirimba mpaka kudutsa Lirangwe ndi kuwoloka Shire pa Zalewa muli pa phula, ndipo mkati mwa sabata muli pa Chipembere Highway pakati pa maminibasi oima paliponse. Mipata ikuluikulu imene imathandiza MT m'matope imachepetsa labala wogunda phula, choncho mvula ikagwa galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime mukaponda buleki. MT amalira kwambiri mukathamanga, amawonjezera mafuta amene galimoto imamwa, ndipo amatha mosalingana ngati simukuwasinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo.

AT wabwino, makamaka wolembedwa LT patsogolo pa manambala a msinkhu, amene ali ndi m'mbali molimba, amapirira miyala ndi katundu wa matumba a chimanga. Mukafika pamatope ikani giya yokokera matayala onse musanalowe, osati mutatitimira kale, ndipo yendani ndi liwiro limodzi osaponda moto mwamphamvu. Mukhoza kuphwetsako mpweya pang'ono, koma pokhapokha ngati muli ndi pampu yoti mupopenso musanabwerere pa phula, chifukwa tayala lophwa likathamanga limatentha n'kuphulika. Tayala lapadera, la sipeya lija, likhale la msinkhu womwewo. MT tingamuvomereze kwa munthu amene ntchito yake ili kumidzi sabata yonse, monga wogula mbewu kapena wonyamula odwala.

FUNSO: Kodi matayala a m'matope a kaunjika ndi abwino? Mano ake amaoneka akadali aakulu ndipo mtengo ndi wotsika.
*Woyendetsa galimoto wa ku Ndirande*

YANKHO: Achimwene, mano a tayala la m'matope amanamiza, chifukwa amaonekabe aakulu ngakhale labala atakalamba n'kuuma. Yang'anani pambali pa tayala pamene palembedwa DOT, ndipo muwerenge manambala anayi omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, kotero 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino, ndipo lopitirira zaka zisanu liziyang'anidwa chaka chilichonse. Pindani labala wa m'mbali ndi dzanja muone ngati pali ming'alu, fufuzani m'tsinde mwa mano ngati ayamba kung'ambika, ndipo lowetsani dzanja mkati mufufuze zigamba. Tayala lokhala ndi chigamba kapena chotupa m'mbali musaligule, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo motani.