Kadzidzi wa m'denga wandidanitsa ndi apongozi

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ine ndi amuna anga timakhala m'nyumba ya lendi ku Kapata, muno mu Chipata, pafupi ndi chigayo. Kuyambira mwezi wa Epulo kadzidzi wakhala akulowa m'denga mwathu kudzera pa kabowo ka pansi pa malata, ndipo zikuoneka kuti waswa, chifukwa usiku uliwonse timamva phokoso ngati la munthu woliza mkonono pamwamba pa siling'i. Poyamba tinkangoseka. Koma apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Chadiza kudzationa, mwana wathu wamng'ono anatentha thupi, ndipo iwo ananena pamaso pa alamu anga kuti mbalame yotere siibwera yokha, alipo amene anaiitana, akunena choncho maso ali pa ine. Amuna anga anangoti chete. Kuchipatala anamupeza mwanayo ndi malungo ndipo anachira, koma nkhani siinathe. Tsopano amuna anga akufuna kuitana anyamata kuti alase kadzidziyo ndi legeni ndi kutentha ana ake. Mtima wanga ukukana, komabe ndikuopa kuti ndikaletsa adzati ndikuteteza chiweto changa. Ndichite chiyani?

Mayi wothedwa nzeru, Kapata

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi mbalameyo, popeza ndiyo yosavuta pa nkhani yanuyi. Kadzidzi amene amakonda madenga a nyumba ndi uja wa nkhope yoyera, ndipo iyeyu samanga chisa monga achitira atchete, amangofuna malo amdima ndi ouma oti aikirepo mazira. Kuthengo amagona m'mphako za mitengo ikuluikulu, imene otentha makala aimaliza m'mapiri otizungulira, choncho denga la malata lokhala ndi kabowo limamukwanira. Mwanena nokha kuti muli pafupi ndi chigayo, ndipo pamene pali gaga ndi chimanga chotayika sipasowa makoswe. Amene anamuitana ndi makoswewo. Nthawi zambiri amaikira mazira 4 mpaka 7, nawafungatira kwa mwezi umodzi, ndipo ana amauluka akatha pafupifupi miyezi iwiri. Mkonono mukuumvawo ndi kulira kwa anawo popempha chakudya. Mukayang'ana pansi pa kabowoko mudzapeza timibulu takuda timene kadzidzi amalavula. Tswanyani kamodzi ndi kamtengo, ndipo mudzaona ubweya, timafupa ndi timano ta makoswe ndi mbewa. Ife a kum'mawa kuno, amene ndiwo ya mbewa timaidziwa kukoma kwake, tikanayenera kumumvetsa mlenje mnzathuyu kuposa wina aliyense.

Sindikunena kuti kugona pansi pake n'kokoma. Zitosi zimadetsa siling'i, fungo limamveka kukatentha, ndipo tulo timasokonezeka. Koma powerengera kuchokera mu Epulo, masiku oti anawo achoke ali pafupi.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mawu aja akuti amuna anu anangoti chete. Apongozi anu anakulira kumene kulira kwa kadzidzi padenga kumamveka ngati uthenga wa maliro, monga mmene ambiri a ife tinakulira, ndipo gogo akaona mdzukulu akutentha thupi mantha amamulankhulitsa zambiri. Zimenezo ndikhoza kuzimvetsa. Koma kuloza mpongozi chala pa nkhani ya ufiti, pamaso pa abale, ndi chinthu cholemera chimene chapasula mabanja ambiri, ndipo lamulo la dziko lino la Zambia lokhudza za ufiti, Chaputala 90, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Sindikukutumani kupolisi, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mayiwa ndi agogo a ana anu. Ndikungofuna kuti mudziwe kuti simukukulitsa nkhani yaing'ono. Amene anayenera kuyankha tsiku limenelo ndi mwana wawo, ndipo ndikukayikira kuti zoitana anyamata a legenizi ndi njira yake yothawira ntchito imeneyo, poganiza kuti mbalame ikafa nkhani idzafera pomwepo. Siidzafa ayi. Mwana akadzadwalanso nyengo ya mvula, udzudzu ukachuluka, maso adzabwerera kwa inu, kadzidzi alipo kapena palibe.

Choncho musayambe ndi kuchonderera moyo wa mbalame, pakuti mwaona kale nokha mmene anthu angakumvereni. Sankhani nthawi imene muli awiriwiri kuchipinda, ana atagona, muwauze amuna anu mosakweza mawu kuti kukhala chete kwawo kunakupwetekani kuposa mawu a amayi awo, ndipo muwafunse ngati iwonso akukhulupirira kuti mungalodze mwana amene munabala nokha. Aonetseni buku la kuchipatala lolembedwa kuti anali malungo, aonetseninso timafupa tija. Akazemba funso limeneli, pitani kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, chifukwa milandu yotere ndiyo anaikidwira, ndipo ngati mumapemphera mpingo umodzi ndi apongozi anu, mkulu wa mpingo amene iwo amamulemekeza akhoza kukhalapo.

Za dengalo zikhale m'manja mwa amuna anu ndi eni nyumba. Kuyatsa moto pansi pa malata, pamene pali matabwa ouma ndi mawaya a magetsi, m'nyumba yoti si yanu, ndi kudziitanira tsoka lenileni. Komanso lamulo la 2015 loteteza nyama zakutchire limakhudza ndi mbalame zomwe, ndipo ngati banja silingathe kudikira, a nthambi ya boma yoyang'anira nyamazi, imene kale tinkaitcha ZAWA, ndiwo oyenera kufunsidwa. Masiku ano musathire mankhwala a makoswe, chifukwa kadzidzi wamkuluyo akadya khoswe wa poizoni n'kufa, ana ake adzaolera m'dengamo ndipo fungo lake lidzapatsa anthu zonena zina. Phokoso likaleka kwa sabata yathunthu, wina akwere ndi tochi, atsimikize kuti mulibe kanthu, asese atadziphimba mphuno ndi pakamwa, ndipo atseke kabowoko ndi waya wa sefa.

Koma amuna anu akambe ndi amayi awo sabata ino, inu mulipo ndi alamu anu aja alipo, gogoyo asanakwere basi yobwerera ku Chadiza.

Azakhali